Kapitawo Atakumana ndi Kang'wingwi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene kwathu kunabwera galu wochepa kuposa tambala wathu, koma wodzimva kuposa munthu aliyense m'mudzi. Zinali zaka zija zipani zambiri zitangoyamba, ndipo tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Ludzi, kumene abambo ankalima fodya ndi chimanga. Anabwera naye ndi amalume a Damiano, amene ankayendetsa thiraki yodutsa paboda kupita ku Chipata. Anamutulutsa m'katoni ya sopo n'kumuika pakhonde, ife tonse n'kufa nako kuseka. Miyendo yake inali yaifupi, ubweya wotuwa unkamugwera m'maso, khutu limodzi linali chiimire, linalo logona. Amayi anafunsa ngati chinthucho chidzakule. Amalume anati ayi, pamenepo ndiye wafikapo, agalu a m'tauni amatero.

Sanachedwe kutionetsa kuti sanabwere kudzasekedwa. Tsiku lomwelo anathamangitsa mbuzi zonse pabwalo, analanda malo a mphaka kukhitchini, ndipo madzulo anaima pakhomo n'kumauwa abambo akuchokera kudimba, ngati mlendo pakhomopo ndi iwowo. Achimwene anga a Pasikale ndi amene anamutcha Kapitawo, poti m'mawa uliwonse ankayendera bwalo lonse monga amachitira akapitawo a kuesiteti, kuona amene wadzuka ndi amene akadali m'bulangete.

Kapitawo ankauwa chilichonse. Ankauwa ngolo, ankauwa njinga yamoto ya ansembe, ankauwa anyamata odutsa ndi matumba a shuga panjinga kulowera ku Zambia. Magalimoto a kampeni akabwera ndi zimkuzamawu, iye analibe chipani, onse ankawaperekeza mpaka kumlatho. Ine ndi amene ndinkamupatsa chakudya, kumuchotsa nkhupakupa ndi kumusambitsa, koma zikomo wanga anali kundilola kuti ndimunyamule basi. Mtima wake wonse unali pa achimwene. Iwo akangotulukira, Kapitawo ankasiya kuuwa, n'kuima ndi miyendo yakumbuyo, n'kumazungulira pamalo amodzi akulira kamawu kakang'ono ngati khanda. Zimenezi sankachitira munthu wina aliyense, ndipo mudzi wonse unkadziwa, chifukwa anthu ankachita kubwera kudzaonerera. Ine zinkandiwawa, sindibisa, koma kumukonda sindinasiye.

Abambo sankamufuna n'komwe. Ankati galu wosasaka, woti ngakhale mphamba akhoza kumunyamula pamodzi ndi anapiye, ndi wongotha ufa. Anali munthu wosaseka wamba. Lamulungu limene ansembe sanabwere, ndi iwo amene ankatsogolera mapemphero kutchalitchi chathu chaching'ono, ndipo pa nkhani ya gule wamkulu analibe nthabwala. M'mudzi mwathu mabanja ena anali a tchalitchi, ena a kudambwe, m'nkhalango ya kumanda kumene amuna olowa gule amakumana. Tinkatunga pamjigo umodzi, tinkalirana maliro, koma ng'oma zikalira, ife ana a aPhiri tinkalowa m'nyumba. Tinkadziwa zimene mwana aliyense kwathu amadziwa, kuti zovina zija si anthu koma zilombo, ndipo wonena kuti wazindikira munthu m'chilombo waputa mlandu woposa msinkhu wa banja lake. Abambo nawo anali atanena, kamodzi kokha koma tonse tikumva, kuti mwana wawo amene adzaponde kudambwe adzakhale komweko.

Chilimwe chimenecho achimwene, amene anali atayamba kumera tindevu, anayamba kusowasowa pakhomo. Ankati akukagwira ganyu kuesiteti, ndipo palibe amene ankafunsa zambiri.

Tsiku lina m'mudzi woyandikana nawo munali chiliza, ndipo ng'oma zinayamba dzuwa lili paliwombo. Amayi anandituma kumjigo, n'kundiuza kuti ndisakachedwe. Kapitawo anatsogola monga mwa masiku onse. Pamjigo panali amayi ambiri ndithu, ndowa zili pamzere, ndipo ine ndinali nditangogwira chitsulo kuti ndipope pamene mwana wina anakuwa kuti kukubwera kang'wingwi. Kwa amene simunachionepo, chilombo chimenechi thupi lonse ndi matope, kumutu nthenga zokhazokha, m'manja chikwapu, ndipo sichiyenda, chimangothamanga. Amayi anati balalabalala, ena kulowa m'chinangwa, ena kuseri kwa bafa la aNankhoma, amene nyumba yawo inali pafupi ndi mjigowo. Nanenso ndinaliyatsa liwiro, koma nditacheuka ndinaona Kapitawo akuthamangira chilombocho, ubweya wapamsana utaima.

Ndinaima pomwepo. Chilombo chinaima, chinapalasa fumbi ndi phazi, n'kukweza chikwapu. Kumbuyo kwake kunali anyamata awiri ochiperekeza. Ndinatsinzina, kudikira kulira kwa galu womenyedwa. Koma kuuwa kuja kunangoduka pakati, kunja kunati zii, kenako ndinamva kamawu kaja ka khanda. Nditatsegula maso, Kapitawo anali ataima ndi miyendo yakumbuyo, akuzungulira pamaso pa kang'wingwi, mchira ukuchita kufuna kuthothoka.

Chilombo chinadumphira pambali, iye anachitsatira. Chinamenya chikwapu pansi mpaka fumbi koboo, iye anangogona chagada kuti chimukande pamimba. Chikwapu chinakweranso, chinakhala m'mwamba nthawi yaitali, koma sichinatsike.

Pakamwa panga panatseguka pokha. Mawu oti "achimwene" anali atafika kale palilime pamene dzanja lonyowa, lonunkha utsi, linanditseka kukamwa. Anali aNankhoma. Anandikokera pachifuwa pawo n'kundinong'oneza kuti, "Iwe mwana wa aPhiri, sunaone kanthu. Wamva? Meza."

Ndinameza.

Mmodzi wa anyamata aja anakankha Kapitawo ndi phazi mpaka anakagubudukira m'fumbi, ndipo chilombo chinapitiriza ulendo wake chothamanga. Kapitawo anadzuka, anadzikutumula, n'kuuwa mnyamatayo mpaka atazimiririka. Amayi anabwerera ku ndowa zawo mmodzimmodzi. Amenewa anali amayi oti nkhani ya nkhuku yotsimphina ankatha nayo masana onse, koma tsiku limenelo palibe anatsegula pakamwa. Chinkangomveka ndi chitsulo cha mjigo. Kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa chikwapu chija.

M'mawa mwake abambo atapita kudimba kukathirira nazale ya fodya, pakhomo panafika aGwaza, mmodzi wa akuluakulu a kudambwe. Anali bambo wowonda, wolankhula pang'onopang'ono, amene sindinamumvepo akukalipira munthu. Amayi anawayalira mkeka n'kugwada chapatali. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, nditamugwira Kapitawo kukamwa ndi manja onse. Moni unatenga nthawi, anafunsana za chifuwa cha amayi ndi za mvula imene inali idakali kutali. Kenako aGwaza anati galu wa pakhomo pano wachita zosayenera pamaso pa amayi ndi ana, ndipo akufunika kumanda. Sanati akaphedwa, koma sanatinso akabwerako.

"Abwere naye mwini wake yekha," anatero, "dzuwa lisanalowe."

Dzina la mwini wakeyo sanalitchule, ndipo amayi sanafunse. Anangopempha ngati nkhuku singathe kuyeretsa nkhaniyo. AGwaza anati mawuwo si awo okha. Atanyamuka, Kapitawo anandipulumuka n'kukawaperekeza ndi phokoso mpaka kumsewu, osadziwa kuti akuuwa munthu amene wabwera ndi imfa yake.

Ndinawagwera amayi m'miyendo kuti akauze abambo, poti iwo okha ndi amene akanatha kukana. Amayi anandiyang'ana maso ali jenjenje ndi misozi, n'kundifunsa kuti, "Nanga akandifunsa kuti galuyo walakwa chiyani, ndikati chiyani, Felista? Ukufuna ukhale ndi galu, mchimwene wako akagone kuti?"

Apa mpamene ndinamvetsa kukula kwa nkhaniyo. Tikakhala chete, Kapitawo afa. Tikalankhula, achimwene achoka pakhomo. Mutu wanga wa zaka khumi ndi chimodzi unapeza njira imodzi yokha, yomubisa. Ndinamuvundikira dengu m'chigafa cha fodya, mwala pamwamba, koma anauwa mpaka nkhuku zonse zinathawa. Ndinamukweza m'nkhokwe, iye anapezamo khoswe n'kuyambitsa nkhondo yomveka mpaka kumjigo. Ndinayesa kumubereka kumbuyo ndi chitenje kuti ndithawire naye kwa azakhali, koma anandikanda msana n'kudumpha. Galu amene amaona kuti dziko lonse liyenera kudziwa pamene iye ali, sabisika. Ndinamukalipira ndikulira, ndinamutchula chitsiru, iye n'kumangondinyambita misozi.

Tsiku lonselo achimwene anali kuseri kwa nyumba, akukonza tcheni cha njinga chimene sichinawonongeke. Sanadye, ndipo sanandiyang'ane kumaso ngakhale kamodzi. Dzuwa litapendeka anadzuka, anadula chingwe cha khonje, n'kuimba kaluzu. Kapitawo anatulukira ngati waitanidwa ku ukwati, anavina gule wake uja, ndipo anachita kukweza yekha khosi kuti chingwe chilowe bwino. Nthawi imeneyo ndinadana nawo achimwene ndi mtima wanga wonse. Ndinawatsatira pambuyo ndikuwauza kuti galuyu alibe tchimo lina koma kuwakonda iwowo.

"Bwerera, Felista," anatero osacheuka. "Ukudziwa chiyani iwe?" Sindinawamvere chisoni.

Njira ya kumanda inkadutsa m'mbali mwa dimba lathu, ndipo panalibe ina yolambalala. Abambo anali pakati pa mabedi a nazale, kheni m'manja, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Anaweramuka n'kutiyang'ana tonse atatu. Atafunsa kumene tinkapita, achimwene anati akupita ndi galu kukatemera. Abambo anati sanamvepo alangizi a ziweto akubaya agalu dzuwa likulowa, ndipo anafunsanso kuti galu ameneyu wayamba liti kufuna chingwe kuti awatsatire. Madzi ankadontha pakamwa pa kheni, ndipo ine ndinkamva dontho lililonse.

Abambo anatuluka m'nazale n'kubwera pafupi. Sanayang'ane galu, sanayang'ane ine. Anayang'anitsitsa achimwene cham'mbali mwa mutu, nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti dzanja likwera. M'malo mwake anawapatsa kheni ija n'kutenga chingwe.

"Maliza kuthirira," anatero. "Mabedi akumunsiwo sanamwe."

Kapitawo anakana kuyenda nawo. Anakhala pansi, anauwa, analuma chingwe. Abambo anawerama n'kumupanira kukhwapa ngati dzungu, ndipo kameneko kanali koyamba kuti amukhudze chibwerere. Ndinawatsatira ndikuganiza kuti akukamupereka okha, poti sankamufuna ndi kale. Sanandibweze. Titafika pamphambano, sanakhotere kumanda, analunjika kunyumba kwa aGwaza.

Tinawapeza atakhala pansi pa mtengo akusema mpini wa khasu. Ine ndinagwada patali, pamene mwana wamkazi amayenera kugwada, koma makutu anali pomwepo. Choyamba kundidabwitsa chinali chakuti aGwaza sanati aPhiri, sanatchulenso dzina la ubatizo la abambo. Anawaitana ndi dzina lina limene sindinalimvepo chibadwire, ndipo sindilitchula pano. Abambo anavomera dzinalo ngati analisiya dzulo.

Anakhala pachitsa, Kapitawo ali pamiyendo pawo akulusira tizipalapasiro ta mpini timene tinkagwa pansi. Abambo sanazungulire nkhani.

"Amayi aja pamjigo anaona kagalu kopusa kakupempha nthenga za nkhuku," anatero abambo. "Ndi zimene anaona, ndipo mukawafunsa ndi zimene anene. Koma mukakapha kagaluka, ndiye kuti mwawauza nokha kuti kanaona zoona."

AGwaza anapitiriza kusema. Kasemasema ankangoti kho, kho, kho, ndipo dzuwa linali litakhudza kale nsonga za mitengo ya kumanda. Ndinkayang'ana mthunzi wa mtengo ukutalika kubwera pamene ndinagwada. Patapita nthawi aGwaza anati anyamata a kudambwe akwiya, ndipo chipongwe sichingangotha ndi mawu. Abambo anati mwambo akuudziwa, sakufunika wowaphunzitsa. Adzabwera ndi tambala, ndipo tsiku lililonse ng'oma zikalira galuyo adzakhala pachingwe, womumanga adzakhala iwo eni.

Apa aGwaza anaika kasemasema pansi n'kuwayang'ana. "Inuyo, ndi buku lanu lija la Lamulungu, mubwera kuno ndi tambala?"

"Ndibwera naye mawa masana," anatero abambo. "Ine sindiyenda mozemba."

AGwaza anayang'ana Kapitawo, ndipo Kapitawo, posafuna kuti mbiri yake iwonongeke, anawauwa pamaso pomwe. Mkuluyo anapukusa mutu, kumwetulira kukufuna kuwatuluka. Anati kanthu kochepa chonchi kusokoneza mudzi wonse, sanakaonepo. Kenako anatola mpini wawo n'kunena kuti akalankhula nawo anyamatawo.

Pobwerera tinapeza achimwene ataima pamalo pomwe tinawasiya. Anali atathira madzi pabedi limodzi lomwelo mpaka linasanduka thope. Abambo anatsitsa Kapitawo, anamumasula chingwe, ndipo iye anathamangira kwa mwini wake n'kuyamba kuzungulira ngati palibe chachitika. Achimwene sanamugwire. Anaima mutu uli pansi, kudikira mawu aja amene tonse tinkawadziwa, oti anyamule zawo azipita.

Abambo anatola kheni, anaitsanula madzi otsala, n'kuikoleka paphewa. Kenako anati, "Ukamasamba uzikumbukira kuseri kwa makutu. Matope a kudambo amakakamira pamenepo. Inenso amayi anga anandigwirira pomwepo."

Achimwene anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kudzigwira kuseri kwa khutu. Pachala panatsala dothi lotuwa. Abambo anali atayamba kale kuyenda kulowera kunyumba, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso tsiku limenelo.

Mawa lake ananyamula tambala wathu uja, wamkulu kuposa Kapitawo, n'kudutsa naye pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo. Anthu anaona, ndipo nkhani inafika kutchalitchi iwo asanabwerere n'komwe. Akuluakulu anzawo anawafunsa chimene mtsogoleri wa mapemphero amakafuna kwa aGwaza ndi nkhuku m'manja. Abambo anati anakalipira mlandu wa galu wawo, ndipo sanawonjezere liwu. Akuluakuluwo anawapempha kuti apume kaye pa udindo. Kwa nthawi yaitali ndithu ankakhala pabenchi yakumbuyo, jekete lawo litasitidwa bwinobwino monga kale, akumvetsera munthu wina akuwerenga movutikira mawu amene iwo ankawadziwa pamtima. Zinkawapweteka, ndinkaona, ndipo nanenso zinkandipweteka. Anthu ankaseka kuti aPhiri ataya mpando chifukwa cha galu wosapha ngakhale mbewa. Iwo ankawasiya aseke.

Sindikunena kuti abambo anasintha maganizo pa za gule. Iwo ndi achimwene anakangana kangapo m'zaka zotsatira, kudimba, kumene ankaganiza kuti sitikumva. Koma achimwene sanachoke pakhomo mpaka tsiku limene anakwatira. Kapitawo naye sanasinthe. Anakalamba, mano anaguluka, koma ankawauwabe abambo madzulo alionse akamachokera kudimba, ndipo iwo ankamuyankha kuti wongotha ufa.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti wokonda munthu amachita ngati Kapitawo, kuvina poyera kuti aliyense aone, ndipo abambo, amene sankavinira munthu, ndinkawayesa ouma mtima. Lero ndili ndi ana angaanga, ndipo ena mwa iwo ayenda njira zimene sindinawasankhire. Ndikudziwa tsopano kuti pamjigo paja panalibe mayi ndi mmodzi yemwe amene sanazindikire chilombo chija, ndipo onse anatseka pakamwa kuti tipitirize kutunga pamodzi. Ndikudziwanso kuti abambo anaona matope aja kalekale Kapitawo asanavine. Kagaluko kanazindikira achimwene n'kuuza mudzi wonse. Abambo anawazindikira n'kumeza mawu awo omwe, n'kulola kuti anthu aziti anataya mpando chifukwa cha galu.

Ndikawakumbukira, sindiwaona ali kutsogolo kwa tchalitchi. Ndimawaona masana a chiliza, ng'oma zikulira kutsidya, atamanga Kapitawo pamtengo wa mango monga analonjezera. Galuyo akukoka chingwe, akulirira kumene kuli mwini wake. Abambo akhala pambali pake pampando wa ndalema, kolona ili m'manja, milomo ikuyenda. Koma pansi, m'fumbi, chala chawo chachikulu chakuphazi chikugunda motsatira ng'oma, osaphonya ngakhale pamodzi.